Mtedza wakanidwa chifukwa cha chuku: poyambira kufufuza ndi makomo oyenera kugogoda

Uthenga woti mtedza wakanidwa umafika kontena ili kale pa doko la kunja, ndalama ya mayendedwe itapita, alimi a m'makalabu akudikira bonasi yawo. Wogula amangolemba mzere umodzi, kuti aflatoxin wapitirira muyezo. Kwa makopaletivu ndi amalonda ang'onoang'ono a ku Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi ndi Lilongwe vutoli limabwera chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri mlandu umagwera labotale. Koma labotale imangowerenga zomwe zili m'thumba. Poizoniyo amakhala atalowa kale, mwina m'munda mu Malichi, mwina pakhonde mu Juni, mwina m'kontena momwemo pa ulendo wa ku Beira. Ntchito yanu ndi kupeza pomwe analowera, chifukwa malo aliwonse ali ndi mankhwala ake komanso bungwe lake lothandiza.

Muyezo womwe mukulimbana nawo

Aflatoxin ndi poizoni wopangidwa ndi chuku cha mitundu iwiri, Aspergillus flavus ndi Aspergillus parasiticus, chomwe chimakhala m'nthaka nthawi zonse. Poizoniyo ali m'magulu anayi, B1, B2, G1 ndi G2, ndipo woopsa kwambiri ndi B1. Amayesedwa mu ppb, kutanthauza gawo limodzi pa magawo biliyoni imodzi. Kuti mumvetse kuchepa kwake, 1 ppb ndi galamu imodzi mu matani 1,000.

Maiko a European Union amalola 4 ppb ya magulu onse pamodzi ndi 2 ppb ya B1 pa mtedza wodyedwa momwe wafikira. Mtedza womwe ukasankhidwenso kapena kusupulidwa khungu ku fakitale yawo amaulola kufika 15 ppb, B1 osapitirira 8. Ku South Africa chakudya chofika kale pakamwa chisapitirire 10 ppb, B1 osapitirira 5, pomwe mtedza wokakonzedwanso umaloledwa pa 15. Ku United States malire ndi 20. Choncho musanasaine mgwirizano, onetsetsani kuti mwalembedwa zinthu zitatu: muyezo wake, ngati katunduyo ndi wodyedwa pompo kapena wokakonzedwanso, ndi labotale yomwe zotsatira zake nonse mudzavomereze. Mtedza wa 9 ppb ndi wabwino pa mgwirizano wina, ndi wokanidwa pa mgwirizano wina.

Kuno unapambana, kunja walephera

Ili ndiye dandaulo lofala, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi katengedwe ka sampulo. Aflatoxin safalikira mofanana m'thumba ngati mchere mu ndiwo. Njere masauzande zimakhala zabwinobwino, kenako imodzi yokha n'kukhala yodzaza poizoni. Thumba la makilogalamu 50 limafika pa 4 ppb ndi mamaikulogalamu 200 okha, ndipo njere imodzi yovunda kwambiri ikhoza kunyamula poizoni wochuluka chotere payokha. Munthu akatapa manja awiri pakamwa pa matumba atatu n'kupita nazo ku labotale m'jumbo, wachita maere basi. Zotsatira zikhoza kutuluka 0 pomwe katunduyo ali pa 30.

Pa doko la ku Ulaya satapa choncho. Pa katundu wa matani 15 kupita m'tsogolo amatapa malo 100 osiyanasiyana, magalamu 200 malo aliwonse, n'kupeza makilogalamu 20. Amawagawa pawiri, makilogalamu 10 mbali iliyonse, n'kugaya gawo lililonse lonse lathunthu. Ngati ndi mtedza wodyedwa pompo, gawo limodzi likangopitirira muyezo katundu yense wagwa. Pa katundu wochepa chiwerengero chimatsika: tani imodzi mpaka 2 amatapa malo 40 kupeza makilogalamu 8, matani 5 mpaka 10 amatapa malo 80 kupeza makilogalamu 16.

Inu chitani chimodzimodzi. Kontena ya mafiti 20 imatenga pafupifupi matani 18, ndiye kuti matumba cha m'ma 360. Tapani thumba limodzi pa matumba atatu kapena anayi aliwonse, ndipo nthawi yabwino ndi pomwe matumba akusunthidwa, chifukwa pa mulu woimikidwa kale chitsulo chobayira chimangofika matumba a kunja. Sinthasinthani pobaya: lina pamwamba, lina pakati, lina pansi. Sampulo yonse igayidwe kaye n'kusakanizidwa bwino, kenako m'pamene atapepo timagalamu tolowa m'makina. Ngati labotale ikufuna kungotapa pa njere zosagaya, funsani chifukwa chake. Anthu amamva chisoni kugayitsa makilogalamu 20 a mtedza wosankhidwa kale, koma muuyerekeze ndi mtengo wobweza kontena kuchokera ku doko la Rotterdam ku Netherlands.

Apa ndi pomwe Malawi Bureau of Standards, yomwe ambiri amangoti MBS, imalowera. Likulu lake lili ku Blantyre, ili ndi maofesi ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ili ndi ndondomeko yoyendera katundu wopita kunja, kutapa sampulo, kuyeza ndi kupereka chiphaso. Apempheni adzatape okha m'nyumba yosungiramo katundu, osati kuwapititsira kaphukusi komwe mwasankha nokha, chifukwa chiphaso cha kaphukusi chimangonena za kaphukusiko. Labotale iliyonse yomwe mungagwiritse ntchito, ifunseni ngati ili ndi chivomerezo cha ISO/IEC 17025, muyezo wa padziko lonse wa luso la malabotale, pa kuyeza aflatoxin mu mtedza. M'chigawo cha SADC chivomerezochi chimaperekedwa ndi SADCAS ya ku Gaborone. Labotale ikhoza kukhala yovomerezeka pa madzi kapena mchere koma osati pa mtedza, ndiye onani pepala lake lenilenilo.

Timapepala toyezera mwachangu komanso njira ya mu labotale yotchedwa ELISA, yomwe bungwe lofufuza za mbewu la ICRISAT lakhala likugwiritsa ntchito pa malo a kafukufuku a Chitedze, ndi zabwino posefa magulu a katundu pogula. Pa chiphaso chomaliza ogula a ku Ulaya amafuna makina a mu labotale otchedwa HPLC kapena oposa apo, chifukwa ndi omwe amasiyanitsa B1 ndi anzake. Timapepalato timafa ndi kutentha. Tikakhala tsiku lonse m'galimoto pa dzuwa la Okutobala musatikhulupirirenso.

Sampulo yatapidwa bwino, koma katundu wakwera ali m'nyumba mwanu

Apa bwererani m'mbuyo, ndipo muyambe ndi madzi. Makoko a mtedza wouma amapweteka zala, ndiye m'midzi yambiri anthu amawaza madzi madzulo, kufunditsa thumba, m'mawa n'kumaswa mofewa. Ena amawaza dala kuti mtedza ulemere pa sikelo. Usiku umodzi wa chinyezi ndi kutentha m'thumba umakwanira kudzutsa chuku chomwe chinagona pa khoko. Mtedza wotere umadziwika: khungu lake limakwinyika, limasupuka msanga, njere imakhala yofewa polumidwa m'malo mothetheka, ndipo m'kati mwa thumba mumafunda mukalowetsa dzanja. Kuwauza alimi kuti asiye sikukwanira, chifukwa zala zimapwetekadi. Njira yomwe imagwira ndi kugula mtedza wa makoko n'kuswera pamalo amodzi ndi makina a kalabu kapena a kopaletivu. Ndi chifukwa chake mabungwe a alimi ngati NASFAM akhala akulimbikitsa kugula wa makoko. Khoko losasweka ndi chitetezo cha njere, ndipo mtedza umasungika bwino momwemo kufikira sabata yotumiza itayandikira.

Makina oswera nawo ali ndi vuto lawo. Sefa yake ikhale yolingana ndi mbewu: ya CG7 kapena Chalimbana si ya Kakoma kapena Baka, omwe njere zake ndi zazing'ono. Sefa yothina imaphwanya njere, yotakasuka imadutsitsa makoko osasweka. Mukaona zosweka zachuluka, chepetsani liwiro, onjezani mpata pakati pa chopukusira ndi sefa, ndipo musasakanize mbewu ziwiri pa ulendo umodzi. Njere yosweka ndi khomo lotsekula la chuku ndi tizilombo.

Pa malo ogulira pakhale makina oyezera chinyezi, otcheredwa pa mtedza osati pa chimanga. Njere zikhale pa 7 peresenti, osapitirira 8. Kugwedeza makoko kuti mumve ngati akulira kumangouza kuti mtedza wayamba kuuma. Njira ya mchere m'botolo, yomwe imathandiza pa chimanga, imazindikira chinyezi cha m'ma 15 peresenti, ndiye pa mtedza siyikuthandizani. Thumba lopitirira muyezo musalilandire n'cholinga choti likaume ku nyumba yosungira. Libwerere, kapena liyanikidwe pa lona pomwepo tsiku lomwelo, osakhudzana ndi anzake. Masikelo anu akhale otsimikizidwa ndi nthambi ya miyezo ya MBS. Mlimi akamakayika sikelo ndiye amabwezera ndi madzi ndi mchenga.

Ngati madzi si vuto, funsani za kaumitsidwe. Mtedza wothotholedwa uli wauwisi n'kuunjikidwa pakona ya nyumba, kapena woyanikidwa pa dothi pomwe mame a mu Meyi amaunyowetsa usiku uliwonse, umagwira chuku msanga. Woyanikidwa pa malata otentha umang'ambika khungu. Njira yomwe alangizi ndi ICRISAT amaphunzitsa ndi mulu wa Mandela cock: mtedza ukazulidwa ufote tsiku limodzi kapena awiri, kenako usanjidwe mozungulira pa malo okwera, mtedza kuloza m'kati, masamba kunja, pakati kusiya mpata wopita mphepo kuchokera pansi mpaka pamwamba, pamutu kufolera ndi udzu. Umauma pang'onopang'ono kwa masabata 2 mpaka 4. Cholakwika chofala ndi kutseka mpata wapakatiwo kuti mulu utenge mtedza wambiri. Mukatero mwapanga mulu wa manyowa. Komwe kuli chiswe, mbuzi zotayirira kapena akuba, thandala pakhomo limaposa mulu wa kumunda.

Nthawi yozula nayo ifufuzidwe. Zulani mapando angapo m'mbali zosiyana za munda, swani makoko, muone m'kati mwake. Makoko 7 kapena 8 pa 10 aliwonse akakhala ndi madontho akuda m'kati, mtedza wakhwima. Wozulidwa msanga umachuluka njere zofwapa, ndipo zofwapazo ndi zomwe zimanyamula poizoni kwambiri. Wochedwa umathothokera m'nthaka, khasu limautema, chiswe chimauboola. Mtedza wotoleredwa m'nthaka pambuyo pokolola usalowe m'thumba la malonda a kunja ngakhale uwoneke bwino chotani.

Chaka chomwe mvula yadula msanga

Pali zaka zomwe alimi achita zonse bwino koma mtedza n'kutuluka m'nthaka uli kale ndi poizoni. Izi zimachitika mvula ikadula mwezi womaliza mtedza usanakhwime. Nthaka imatentha, mbewu imafooka, makoko amang'aluka timing'alu tosaoneka, chuku n'kulowa. Madera otentha a m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire amavutika kwambiri ndi zimenezi kuposa kumtunda, ndipo minda ya mchenga imavutika kuposa ya katondo.

Pothana nazo ndi m'munda, ndipo khomo logogoda ndi la mlangizi wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera (EPA), mu Okutobala osati mu Epulo. Kudzala ndi mvula yoyamba kumapatsa mtedza mpata wokhwima chinyontho chilipo. CG7 amafuna masiku 130 mpaka 150, pomwe Kakoma ndi Baka amakhwima m'masiku 90 mpaka 120, ndiye kudzala CG7 mu Januwale chifukwa choti anthu anayamba ndi chimanga ndi fodya ndi kuitana vuto. Mizere ya ngonyeka ndi kuphimbira zimasunga chinyontho. Kudzala mizere iwiri pa mzere umodzi kumapangitsa masamba kutseka nthaka msanga, nthaka n'kumazizira, komanso kumachepetsa nsabwe zofalitsa kadukutu. Feteleza wa jipisamu wothiridwa pa nthawi ya maluwa amalimbitsa makoko. Palinso Aflasafe, yemwe anapangidwa ndi bungwe lofufuza zaulimi la IITA: mapira okutidwa ndi chuku cha mtundu womwewo koma chosapanga poizoni, chomwe chimalanda malo a choipacho. Amamwazidwa makilogalamu 10 pa hekitala, nthaka ili yonyowa, kupalira ndi kubandira zitatha kuti asakwiririke. Aflasafe sakhululukira munthu wowaza madzi pa makoko.

Kwa wogula, chaka choterechi chimafuna kusiyanitsa katundu malinga ndi dera. Thumba lililonse lilembedwe nambala ya kalabu, mbewu ndi tsiku logula. Yezani gulu la kalabu iliyonse palokha musanasakanize. Popanda izi, matumba 20 a mudzi umodzi amagwetsa matumba 340 abwino, ndipo simudzadziwa komwe anachokera kuti mlangizi akayambire kumeneko.

Tasankha, koma sakutsika

Kusankha ndi njira yaikulu yotsitsira aflatoxin pa mtedza womwe wakolodwa kale, koma kumalephera pa zifukwa zodziwika. Osankha akamalipidwa potengera matumba omwe amaliza, amathamanga. Akamasankhira pansi m'chipinda cha mdima, saona. Akauzidwa kuti achotse zovunda zokha, amasiya zofwapa, zosweka, zoboola ndi zosintha mtundu, zomwe ndi zoopsa chimodzimodzi. Yambani ndi sefa yochotsa tinjere tating'ono ndi zinyalala. Kenako mtedza uyalidwe mosasanjikizana pa tebulo loyera, pa kuwala kokwanira, osankha atavala zophimba kumphuno chifukwa fumbi lake nalo ndi loipa. Woyang'anira atape kilogalamu imodzi pa thumba lomalizidwa n'kuwerenga zoipa zotsalira, ndipo malipiro atsatire zimenezo.

Mukasankha kawiri koma osatsika, ndiye kuti chuku chili m'kati mwa njere zooneka bwino kunja. Swani njere 100 pakati muone ngati muli ufa wobiriwira kapena wachikasu, kapena madontho a bulauni. Katundu wotere amafuna kusupula khungu ndi makina osankha potengera mtundu, zomwe zimapezeka ku mafakitale akuluakulu. Kalabu payokha singagule makina otere, n'chifukwa chake alimi a m'bungwe la MASFA ku Mchinji, omwe mtedza wawo unafika m'masitolo a ku Britain pansi pa chizindikiro cha malonda achilungamo cha Fairtrade, anadalira kulumikizana ndi NASFAM ndi fakitale yokonzera mtedza ku Lilongwe. Kukazinga, kuphika kapena kuyanikanso pa dzuwa sikuchotsa poizoniyu yense. Dzuwa limangoimitsa chuku kuti chisapitirire.

Unali bwino popakira, wafika utakwera

Ngati katapidwe kanali kolondola mbali zonse ziwiri, yang'anani masiku a pakati pa kuyeza ndi kufika. Chiphaso cha mu Ogasiti sichinena za katundu wopakidwa mu Disembala. Mvula ikayamba, mpweya umanyowa ndipo mtedza umayamwa chinyezi, makamaka matumba ogona pa simenti kapena otsamira khoma. Matumba akhale pa mapaleti, mita imodzi kuchokera ku khoma ndi ku denga, ndipo m'nyumbamo chinyezi cha mpweya chisapitirire 70 peresenti. Amene alibe nyumba yotere akhoza kusungitsa ku nyumba zovomerezeka za msika wa mbewu wa Agricultural Commodity Exchange for Africa (ACE), komwe amalandira lisiti ya katundu wake. Ngati padutsa mwezi chiyezereni, yezaninso.

Kontena imachita thukuta. Masana ku Tete kapena pa doko la Beira ndi Nacala chitsulo chimatentha, chinyezi chimatuluka mu mtedza, usiku chimaundana kudenga n'kudonthera matumba a pamwamba. Musanapakire, lowani m'kontena, wina atseke zitseko, muone ngati pali polowa kuwala. Pansi pake pakhale pouma, posanunkha mankhwala. Yalani mapepala olimba pansi, m'mbali ndi pamwamba pa matumba, kolekani timatumba toyamwa chinyezi, siyani mpata pakati pa katundu ndi denga, ndipo musapakire kukugwa mvula. Matumba a ziguduli amapuma bwino kuposa a pulasitiki. Jambulani zithunzi za zonsezi pamodzi ndi nambala ya chidindo chotsekera, chifukwa pa mkangano wa inshulansi ndi zomwe zidzakuyankhulireni.

Mapepala osokonezedwa

Ambiri amaganiza kuti chiphaso cha zaumoyo wa mbewu chimatsimikizanso za aflatoxin. Ayi. Chiphasochi chimachokera ku nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, kudzera kwa oyendera mbewu a ku Chitedze, Bvumbwe ndi Lunyangwa, ndipo chimangonena za tizilombo ndi matenda. Kufukiza ndi phosphine kumapha anankafumbwe ndi njenjete, koma sikukhudza poizoni. Kuchitidwe ndi wofukiza wovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, pansi pa lona losatulutsa mpweya, kwa masiku osachepera 7, ndipo akupatseni chiphaso chake. Musathire mankhwala a ufa a chimanga pa mtedza wopita kunja. Mafuta a mu mtedza amayamwa mankhwalawo, ndipo katundu wopambana pa aflatoxin akhoza kugwa pa zotsalira za mankhwala.

Kupatula apo pamafunika chilolezo chotumizira kunja cha ku Unduna wa Zamalonda, fomu ya CD1 yolengezera ndalama zakunja, yodzera ku banki yanu, chiphaso chosonyeza dziko lochokera katundu ngati mukufuna kuchotseredwa msonkho pansi pa SADC kapena COMESA, ndi zikalata za kasitomu za MRA. Malamulo otumizira mbewu kunja amasinthasintha, ndiye pitani ku Malawi Investment and Trade Centre ku Lilongwe nyengo yogula isanayambe mukatenge mndandanda wa chaka chimenecho. Nambala ya gulu la katundu ikhale imodzimodzi pa mapepala onse ndi pa matumba. Nambala ikasiyana, wa pa doko amaona ngati chiphaso ndi cha katundu wina.

Alimi akamathawira kwa mavenda

Vuto ili si la labotale koma limagwetsa ndondomeko yonse. Venda wotumiza mtedza kumisika yomwe siyeza amagula chilichonse, chonyowa ndi chosasankha, ndipo amalipira pompo. Mlimi amene wataya gawo la mtedza wake posankha n'kulandira mtengo womwewo sadzasankhanso chaka chamawa. Kopaletivu ilengeze mitengo iwiri nyengo isanayambe, kusiyana kwake kukhale kokwanira kubweza zomwe mlimi wataya, ndipo ndalama ikhalepo tsiku logula. Lonjezo la bonasi ya mu Novembala silipikisana ndi ndalama ya m'manja mu Meyi.

Nanga zosankhidwazo zipite kuti?

Poizoni yemwe mwachotsa m'kontena sanathe, wangounjikana m'matumba a zotsalira, ndipo matumba amenewo akhoza kukhala ndi ma ppb mazanamazana. Mwachizolowezi amagulitsidwa motchipa pa geti kapena kupatsidwa kwa osankha, n'kukathera mu nsinjiro za phala la ana, m'chiponde ndi m'ndiwo zotendera. Aflatoxin amawononga chiwindi, amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo kafukufuku amamugwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana. Nkhuku zimafa naye kapena kusiya kuikira, ndipo ng'ombe ya mkaka imamutulutsa mu mkaka.

Kuthira katundu wokwera m'katundu wabwino kuti muyezo utsike n'koletsedwa pa malamulo a ku Ulaya, ndipo ndi katapidwe ka malo 100 kaja mumangoika onse pa chiswe. Zosweka ndi zazing'ono zomwe zayezedwa n'kupezeka zili pansi pa muyezo zikhoza kugulitsidwa pa giredi yotsika. Zokwera zipite ku fakitale yoyenga mafuta mpaka kuwayeretsa, chifukwa kuyeretsako kumachotsa poizoni m'mafuta. Makina ofinya a pamudzi samuchotsa yense, ndipo zotsalira pofinya zimakhala ndi poizoni wambiri, ndiye zisapite ku ziweto zisanayezedwe. Zovunda zenizeni zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime, kapena zitenthedwe. Lembani m'buku makilogalamu omwe achotsedwa pa gulu lililonse, komwe apita ndi amene wasainira, chifukwa woyendera wa HACCP, ndondomeko yotetezera chakudya, kapena wa wogula akafika, buku limenelo ndi limodzi mwa zoyamba zomwe amapempha kuona.